Nkhuku Yangopalasa

Lachinayi, 12 Juni

Chiperoni tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Mayi wina wa ku Naperi wabweretsa chithunzi chakale kushopu kuti ndichiike mu fulemu. Anachipanga ndi mzungu wa ku Ulaya: ankakanda pamkuwa ndi singano, n'kupaka inki, n'kudinda papepala. Pali msika wa Aluya, ngamila, amuna a nduwira a maso aukali, ndi mkazi atagona pamkeka ngati alibe chochita. Mizere yake ndi yopyapyala ngati tsitsi. Ndisaname, ndachita nsanje.

Pakhoma la mzikiti wa m'chithunzimo pali zilembo. Ndaitana a Jafali, atelala oyandikana nane kuno ku Limbe, amene anaphunzira kumadrasa, kuti andiwerengere. Avala magalasi, atembenuza pepalalo uku ndi uku, kenako aphulika kuseka.

"Achimwene, apa sipanalembedwe kanthu. Nkhuku yangopalasa."

"Si Chiarabu chimenechi?"

"Chiarabu cha kuti? Munthuyu anangoonera patali, mwinanso sanapiteko n'komwe."

Koma atayang'anitsitsa amuna a maso aukali aja, kuseka kwawathera. Atuluka osatsanzika.

Ndabwerera patebulo pomwe pali zojambula zanga zogulitsa kwa azungu odzaona dziko: amayi akusinja, mitsuko pamutu, nyumba zaudzu. Chonsecho ndinabadwira ku Soche, amayi anga anali taipisiti, ndipo mtondo kwathu kunalibe, chimanga chinkapita kuchigayo.

Ndazitembenuza zonse kuti ziyang'ane kukhoma. A Jafali akadzaziona n'kufunsa kuti mudzi umenewu ndi wa kwa yani, kaya ndidzaloza kuti.