Apongozi Achapa Jupita

Lolemba, 10 Malichi

Lachisanu ndi tsiku langa. Woyesa wa ku koleji akubwera kudzandionerera ndikuphunzitsa, ndipo ndikalephera apa, za uphunzitsi ndiiwale mpaka chaka chamawa. Mutu wake? Jupita! Pulaneti loti sindinalipondepo. Ndipotu palibe angaliponde, ndi chimpira cha mpweya, chopanda nthaka yoimapo. Mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kukwatiwa ndi telala kumathandiza nthawi zina. Bambo a ana andisokera Jupita wa nsalu, mizeremizere yoyera ndi yakhofi ngati mitambo yake ija, n'kuveka chimpira cha pulasitiki. Ine ndapaka banga lofiira m'munsi mwa mimba yake ndi kapenti ka ana kotsalira. Bangali ndiye phata la phunziro lonse: namondwe wamkulu kuposa dziko lathu, wakhala akuwomba zaka zoposa zana osapuma.

Apongozi afika masana ndi chikwama chawo, kumutu duku lofiira lija salola munthu kulikhudza. Ayang'ana Jupita, ayang'ana ine. "Zasukuluzi simunamalizebe?" Zaka khumi ndi ziwiri pabanja pano, chabwino changa sanachionepo.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndayeserera pabalaza. Bambo a ana akhala pampando ngati Dzuwa, ine kuwazungulira nditanyamula Jupita. Ndafotokoza kuti amadzizungulira yekha m'maola osakwana khumi, koma kuti amalize ulendo wozungulira Dzuwa pamapita zaka zathu pafupifupi khumi ndi ziwiri.

Apongozi ali pakhomo la khitchini: "Ndiye kumeneko ukwati wanuwu wangotha chaka chimodzi? N'chifukwa chake mukadasewera mpira." Dzuwa laseka mpaka kugwa pampando. Nanenso ndaseka, koma nditatembenukira kukhoma.

Lachinayi, 13 Malichi



Pochokera kusukulu ndapeza Jupita ali pachingwe, pakati pa matawulo. Wavulidwa, wachapidwa, banga lija mbee! Apongozi akunyadira: "Linali lokakamira, koma ndalikwecha katatu. Mukanapita nacho chonchija pamaso pa anthu? Akanati kwanu kulibe sopo."

Namondwe wa zaka zana wathera m'beseni. Penti nayenso ndinamumaliza Lachiwiri lomwe lija.

Ndalira, ndipo pakamwa pathawa. Ndawauza kuti banga limenelo ndilo linali phunziro langa, kuti zaka zonsezi iwo amangoona mabanga pa ine, tsopano afika pochapa ndi a kumwamba omwe. Dzuwa lathu lalowa m'mitambo, akuti akukayeza kasitomala thalauza.

Mawa ndikaloza nsalu yoyera n'kuuza ana kuti angoganizira. Woyesa uja aziganiziranso zondipambanitsa.

Lachisanu, 14 Malichi

M'mawa, ndisanavale n'komwe nsapato. Jupita ali patebulo, wositidwa, wovekedwa pampira wake. Banga labwerera! Chigamba chofiira chooneka ngati dzira, chosokedwa pamanja, ulusi ukuzungulirazungulira mkati ngati kamvuluvulu. Ndimati ndi ntchito ya bambo a ana, koma iwo mkonono uli pakati.

Apongozi atulukira kukhitchini mutu uli pamtunda, imvi zonse poyera. Sindinaziwonepo. Duku lija lili pampando, chibowo pakati.

"Ndinasuzumira m'buku lanu lophunzitsira lija," atero. "Ndaika pamalo pake?"

Ndangogwedeza mutu kuvomera.

Anyamula Jupita ndi manja awiri n'kundipatsa. "Tengani tsono, aphunzitsi, mungachedwe. Namondwe ameneyu sasuluka."