Bokosi Lokhala ndi Mimba

Thambani,
Mwanza.
12 Januwale 2025

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Joni, ndiponso kuti chifuwa chinkakuvutani chija chinasiya. Kuno ndadzuka. Mvula ikugwa ndithu, chimanga chafika m'mawondo, ndipo mbuzi yakuda ija yaswa ana awiri. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi pa boda, chifukwa foni ya kuno mukuidziwa: ukakwera pachulu imagwira netiweki ya ku Mozambiki, ukatsika imangoti zii. Komanso zimene ndikufuna kukuuzani si zonena munthu utaima pachulu, anthu opita kumsika akukumvera.

Mutaona zithunzi za maliro a ababa munandifunsa funso limodzi lokha. Simunafunse kuti ndikugona bwanji ndekha m'nyumba muno. Munati, "Kodi bokosi lija analikhoma ndani, bwanji lili ndi mimba?" Ndinakuuzani kuti netiweki yavuta. Sinavute ayi, ndinadula ndine. Lero ndikuyankhani, koma muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Mukukumbukira mmene munasekera nditapita kusukulu ya ntchito zamanja kunyanja kuja. Ndinalembetsa ukalipentala kuti nditsate ababa, koma malo anadzaza, basi anangondiponya m'kalasi ya zokhoma ndi kukonza maboti. Ine mwana wa kumapiri, woti ngakhale kusambira sindinkakudziwa! Inu munati boti langalo ndidzaliyendetsa pa fumbi la ku Thambani. Ababa sanaseke nawo. Iwo madzi ankadana nawo chiwolokereni Zambezi pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, m'bwato lobooka limene iwo ankalitchula kuti mwadiya, akukapa madzi ndi chipewa mpaka kutsidya. Anangoti, "Chinthu cholowa madzi si ntchito, mwana wanga, ndi msampha."

Komabe ntchitoyo ndinaikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Zaka ziwiri zinatha, ndipo ndinatsala ndi mayeso amodzi okha: kukhoma boti ndi manja anga, woyesa n'kudzaona kuti silikulowa madzi. Ukakhoza amenewo ndiye walandira pepala, ndipo pamalo ena okhomera maboti anali atandisungira kale ntchito, akungodikira pepalalo. Ndi pamene ababa anagwa ndi sitiroko mu Juni, n'kufa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kutsekeka. Inu munati, "Suzete, pita ukawasamale miyezi iwiri yokha, ine ndikubwera." Ndinamvera, ndinabwera. Miyezi iwiri yanu ija mpaka lero sinathe.

Achimwene, kusungulumwa ndinakudziwira m'nyumba muno. Munthu ali pomwepo, ukumusambitsa, ukumumwetsa phala, ukumuuza za kumsika, iye n'kumangoyang'ana khoma. Odzazonda anabwera sabata ziwiri zoyambirira, kenako aliyense anabwerera ku zake, ndipo sindikuwada. Ndinafika polankhula ndi mbuzi, ndipo zinkandiyankha bwino kuposa abale ena. Ndikakwera pachulu paja, foni inkangolandira zithunzi za anzanga a m'kalasi ataima pambali pa maboti awo. Ndinkatsika mtima ukuwawa, n'kukatereka madzi osamba a ababa.

Amene anandimvera chisoni ndi aphunzitsi anga, a Sungani. Anandiimbira kuti woyesa adzabwera ku Mwanza pa 13 Disembala kudzayesa akalipentala, ndipo wavomera kudzapatukira kuno ngati ndingakhome kaboti ka anthu atatu pakhomo pano. Ndinawafunsa kuti nanga nyanja ndikaibwereka kwa ndani. Anaseka, n'kunena kuti, "Anzako aika boti m'madzi, iwe uike madzi m'boti. Akakhalamo tsiku lathunthu osadontha, wakhoza."

Tsopano apa ndi pamene pali mlandu wanga. Boti limafuna thabwa lolimba, louma bwino, ndipo kuno mitengo yabwino inathera m'makala. Koma mukuwadziwa matabwa khumi ndi awiri a mlombwa aja, amene ababa anasanjika kudenga la shedi titangoika amayi. Ankati ndi a bokosi lawo, "kuti ndisadzavutitse anthu," ndipo thabwa lililonse analilemba C ndi pensulo, chilembo choyamba cha dzina lawo, Custodio. Mudzi wonse unkawadziwa. Ndinawayang'ana sabata yathunthu. Ndinadziuza kuti ababa akadali ndi zaka, ndikadzayamba ntchito ndidzabwezeretsa ena munthu asanadziwe. Ndinawatsitsa limodzilimodzi, pamalopo n'kuyalapo mphasa zakale kuti pazioneka ngati pali kanthu. Sindinapemphe. Ndikanapempha kwa ndani, kwa munthu wosalankhula, kapena kwa inu amene mumayankha uthenga patapita masiku anayi? Komabe ndisadzikometse, kuba ndi kuba, ndipo ndinaba.

Ndinakhomera kuseri kwa nyumba, pansi pa mango paja. Msana wa boti ndinasema wa bulugamu, nthiti ndinazipeza ku nthambi zokhota zimene ndinafuna m'phiri. Matabwa ndinkawathira madzi otentha n'kumawapinda pang'onopang'ono mpaka atagwira nthiti, ndipo mlombwa ukapindika chotero subwereranso. Misomali ya boti simangoikhoma n'kusiya, imatulukira mkati n'kuipinda ngati mbedza kuti isazuke. M'mipata ndinkalowetsamo thonje n'kumatapo phula. Azimayi ochokera kumjigo ankaima ndi ndowa pamutu n'kumati, "Aise Suzete, chodyera nkhumba chachikulu chotere, nanga nkhumbazo zili kuti?" Ndinkawayankha kuti zikubwera pa basi ya ku Joni. Mundikhululukire pamenepo, ndinali nditakwiya.

Ndinkayesa ababa sakudziwa kanthu, popeza ankakhala pakhonde lakumaso. Ndinaiwala kuti kalipentala amadziwa thabwa lake ndi kulira kwake. Kumapeto kwa Novembala ndinatunga ndowa makumi anayi kumjigo, ndekha, mpaka khosi kuuma. Ndikukhuthulira m'boti ndowa yomaliza ndinangoona ababa atulukira pangodya ya nyumba, ndodo m'dzanja, akukoka mwendo. Chiyambire kudwala anali asanayendepo mtunda wotero. Anafika, n'kusuzumira mkati, ndipo zilembo zawo za pensulo zija zinkaoneka bwinobwino pansi pa madzi.

Ndinati, "Ababa, ndalakwa, ndikhululukireni."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anawerama movutikira, n'kupisa dzanja lawo labwino lija pansi pa boti, n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumbuyo. Analitulutsa lili lonyowa, n'kundionetsa.

"Kukudontha," anatero.

Mawu oyamba pa miyezi isanu, achimwene, ndipo anali ondidzudzula! Ndinaseka misozi ikutsika. Za matabwa sananene kanthu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira kapena anangosowa mawu okwanira ondikalipira nawo. Ndinataya madzi onse aja, n'kuyambiranso mipata yonse ya kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo ankakana kukhala pakhonde. Ndinkawanyamulira mpando pansi pa mango, iwo n'kumaloza ndi ndodo pamene sindinamate bwino. Sanalankhulenso mawu ena, koma sabata ziwiri zimenezo ndi zokhazo zimene sindinali ndekha. Lamulungu pa 8 Disembala ndinathiranso madzi. Lolemba ababa anapisanso dzanja lawo pansi, linatuluka louma, ndipo anangolipukuta pa malaya ngati kuti lanyowa.

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, patatsala masiku atatu kuti woyesa afike. Zimenezo mukuzidziwa, ndinakuimbirani. Zimene simukuzidziwa ndi izi. Anthu atasonkhana, amalume a Luckson anatuma amuna awiri kukatsitsa matabwa a malemu. Ine ndinali m'nyumba ndi azimayi. Ndinamva makwerero akukokedwa kupita kushedi. Kudenga kuja kunagwa mphasa zokhazokha ndi fumbi.

"Matabwa a malemu ali kuti?" amalume anafunsa mokweza, kuti ndimve ndili mkati.

Ndinatuluka, n'kuwatsogolera kuseri, n'kuloza boti lodzaza madzi. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindidzawaiwala, mudzi wonse ukundiyang'ana kumsana.

"Iwe mwana," amalume anatero, "bambo ako akhomera anthu mabokosi zaka makumi atatu. Lero tiwaike m'mphasa?"

Bambo wina wachifundo anati tisakangane pa maliro, pamsika pali mabokosi a paini okhomakhoma, wina athamange pa njinga, mwanayu mayeso ake asaonongeke. Amalume anayamba kugwedeza mutu kuvomereza. Achimwene, ndikanangokhala chete pamenepo, bwenzi lero ndili ndi pepala. Sindikubisirani, mtima wanga unkafuna kwambiri. Koma maso anga anagwera pa C wa pensulo uja. Munthu anasunga mlombwa zaka zisanu ndi zitatu kuti asadzavutitse anthu, ine n'kumugoneka m'paini wa dzulo, wong'ambika mvula yoyamba? Ndinawerama n'kuzula kamtengo kotsekera bowo la pansi. Ndowa zanga makumi anayi zinadutsa m'mapazi mwa amalume n'kukalowa m'mizere ya mbatata.

Amuna aja anayamba kukanula matabwa ndi chitsulo, ndipo loyamba linang'ambika pakati. Ndinafuula kuti asiye. Amalume anati, "Mwana wa malemu sagwira nyundo pa maliro, ndiye mkazinso! Bwerera m'nyumba ukalire."

Ndinati, "Amalume, misomali imeneyi ndinaipinda ndine. Mukamaikoka chotero muwatha matabwa onsewa, muwaikadi m'mphasa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analanda nyundo kwa mmodzi wa amuna aja n'kundipatsa. Ndinawongola msomali uliwonse, miyezi itatu ya ntchito n'kuiphwasula dzuwa lisanafike pamutu. Bokosi la ababa ndinalikhoma ine, mwana wawo wamkazi, amuna akungondigwirira matabwa. Am'mbali aja anakana kuwongoka, paja ndanena kuti mlombwa subwerera. Mimba imene munaiona pachithunzi ndi imeneyo.

Nditatha kukhoma sindinaime. Ndinatenga thonje lotsala, n'kutenthetsa phula, n'kuyamba kutseka mipata yonse, umodziumodzi, monga ankandilozera ndi ndodo. Wina anang'ung'udza kuti, "Nanga phulalo n'lachiyani, akukawoloka nyanja?" Manda a mu Disembala mukuwadziwa, madzi amatuluka adzukulu akadali kukumba.

Woyesa uja anafikadi Lachisanu pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anali bambo waulemu, anavula chipewa n'kupepesa maliro. Ndinamutengera pansi pa mango, anapeza msana ndi nthiti zokha.

"Ntchito yanu ili kuti, mayi?" anafunsa.

Ndinati, "Ili kumanda, bambo."

Ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iye amalemba zimene waona ndi maso, ndipo sindikumuimba mlandu. Pafomu yake panali malo atatu: wakhoza, walephera, sanapezeke. Anati andichitira chifundo, achonga pa "sanapezeke" kuti ndidzathe kuyesanso chaka chinachi. Ndinathokoza, ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Pobwerera ndi pamene mawuwo anandilasa. Sanapezeke! Ine amene ndinapezeka pa phala, pa zochapa, pa ulendo uliwonse wa kuchipatala, ndi pamanda pomwe, ndi amene ndalembedwa m'buku kuti sindinapezeke. Ntchito ija anapatsa mnzanga wa m'kalasi. Madzi akatayika saoleka, ndipo amenewa ndinawataya ndekha ndikuona.

Tsopano mwadziwa zonse. Ngati mukufuna kundikalipira chifukwa cha matabwa, kalipirani, bola ndimve mawu a munthu wa kwathu. Pempho langa ndi limodzi, ndipo si la katundu. Mundiuze zoona ngati mukubwera kapena ayi. Musanenenso za miyezi iwiri. Ngati simukubwera, ndikolola chimangachi, mbuzi ndisiya kwa amalume, nyumba nditseka, ndibwerere kunyanja ndikayambirenso. Msana ndi nthiti za boti zikadali pansi pa mango, nkhuku zimakwerapo. Nkhuni zavuta ndi mvulayi, koma ndalephera kuziwaza. Mpando wa ababa nawonso sindinaulowetse m'nyumba.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi kwa ana, muwauze kuti kuno ali ndi azakhali awo, ngakhale amangowadziwira pa foni. Amalume akupereka moni, ndipo masiku ano akafuna kukonza chitseko amabwera kwa ine. Sabata yatha mvula inagwa masiku atatu osakata, ndipo itakata ndinapita kumanda. Mtumbira watsika pang'ono, m'mbali monse muli zithaphwi. Ndinaima pamenepo osaopa kanthu. Mukamawakumbukira ababa kumeneko, musade nkhawa. Pepala ndilibe, koma manja anga ndikuwadziwa. Kumene agonako sikukudontha.

Ndine mlongo wanu amene sanapezeke,

Suzete