Ndinadula Dzina la Nuru m'Nyimbo Yanu

Makokola, Mangochi

Achemwali anga a Ajira,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu anga a Jaffalie? Chifuwa chija chinawasiya? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma kumsika sajomba. Mukuwadziwa, amati matenda amapeza munthu wokhala pakhomo.

Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kupatsira a Sumani a basi ngati munthu wachikale. Foni ndi imene yandipalamulitsa, ndipo mawu anga sangatuluke inu mukumvetsera.

Mukudziwa kuti ndine DJ pa hotela ya kuno, ndipo Loweruka ndimanyamula masipika kupita kumaukwati. Abwana a hotela atalamula kuti DJ aliyense akhale ndi laisensi, ndinakaidula ku bungwe loteteza nyimbo za oyimba. Ndinabwerako ndikuyenda mothimbwidzika, ndikuyesa kuti nyimbo zonse za padziko zasanduka zanga.

Koma nyimbo zimene ndinkasakaniza n'kuziika pa intaneti zinkangochotsedwa. Nditakadandaula, mayi wa ku ofesiko, a Jestina, anandiuza kuti laisensi yanga ndi yoimbira nyimbo pamaso pa anthu basi. Anati kudula nyimbo ya munthu, kuisakaniza ndi kuifalitsa kumafuna chilolezo cha mwini wake. Ine ndinaseka. Ndikapemphe kwa yani, oyimba a ku Nigeria amene sadziwa n'komwe kuti kuli Makokola?

Basi ndinayamba kufunafuna mawu oti palibe angandifunse. Ndinawapeza m'foni mwanga momwe.

Achemwali, ndi uthenga uja munanditumizira kuti amayi aumve, mukumugoneka Nuru asanadwale. Nyimbo ija munapeka nokha, yoti gona Nuru, mphepo yadutsa, bwato la atate lafika. Chitisiyireni mwanayo sindinkautsegula. Tsiku limenelo ndinautsegula, ndipo m'malo molira, khutu langa linamva kuti mawu anu akugwirizana ndi ng'oma. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Dzina la Nuru silinkalowa bwino m'kugunda kwa ng'omazo, ndiye ndinalidula. Ndinadulanso kumapeto, paja iye amaseka inu n'kumukalipira monyengerera kuti agone. Ndinadziuza kuti ndikukutetezani, kuti anthu asakuzindikireni. Bodza. Ndinkafuna nyimbo yovinika.

Ndinaiyesa pa ukwati ku Lungwena. Azimayi anavula nsapato, fumbi kobo, mpaka anandiumiriza kuibwereza. Nditaiika pa intaneti sinachotsedwe, ndipo inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Anthu anayamba kundiloza pamsewu. Ndinakondwa, achemwali, ndisakunamizeni.

Kenaka woyimba wina wa ku Blantyre anandilembera kufunsa kuti nyimboyo ndi ya yani. Ndinamuyankha kuti ndi ya makolo a kunyanja kuno, ilibe mwini. Ndinaopa kukutchulani, chifukwa akanakufunani, inu n'kudziwa.

Iye sanachedwe. Anaijambulanso ndi mtsikana wake woyimba, n'kuwonjezera mawu a chibwenzi, n'kukailembetsa kuti anapeka ndi iye. Bwato la atate lija tsopano ndi bwato la wachikondi. Yanga ija aichotsa pa intaneti, ati ndaba nyimbo ya mwini wake. Anzanga akundiseka kuti wakuba waberedwa, ndipo akunena zoona.

Zonsezi ndikanazimeza n'kukhala chete. Koma sabata yatha amayi anakwera minibasi ya ku Monkey Bay, dalaivala n'kuiika nyimboyo mokweza. Akuti anatsikira panjira asanafike kumene ankapita, n'kubwerera wapansi ndi miyendo yawo ija.

Anandipeza ndikupukuta masipika pakhonde. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa ngati Ajira akudziwa kuti mwana wake akuvinidwa m'mabala. Kuyambira tsiku limenelo amandiyankha moni wokha.

Ndinabwerera kwa a Jestina n'kuwauza zonse. Anati nyimbo mwini wake ndi amene anaipeka, ngakhale anaipekera kuchipinda mwana ali pamsana, ngakhale sanailembetse kulikonse. Anati nkhaniyi ikhoza kutsatidwa, koma wodandaula akhale inu, osati ine, ndipo pafunika umboni woti munaiimba kale iye asanaijambule.

Umboniwo ulipo. Ndi uthenga wanu uja wosadula, wokhala ndi tsiku limene munautumiza, dzina la Nuru, ndi kuseka kwake. A Jestina anatambasula dzanja kuti aumve pomwepo. Ndinatulutsa foni, chala chili kale pamwamba pake, kenaka ndinaibwezera m'thumba. Ndinawauza kuti sindinapemphe chilolezo chanu.

Ndiye ndikupempha tsopano, ngakhale ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Mukalola, anthu achilendo adzakhala muofesi n'kumvetsera Nuru akuseka, mwina mobwerezabwereza, ndipo dzina lanu lidzamveka. Alamu anga adzadziwa, ndi akwawo omwe. Mukapambana, mwini mudzakhala inu, wonena ngati nyimboyo iimbidwe kapena ileke. Mukakana, idzakhala ya munthu uja mpaka kalekale, ndipo ine sindidzatsegula pakamwa. Ndilibe ufulu wokusankhirani. Ndinakusankhirani kale kamodzi, ndipo taonani kumene zatifikitsa.

Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Pa ukwati wa dzulo anthu anaifuna nyimboyo mpaka kundizunguza, ine ndinati makina avuta. Ndidzanena choncho pa ukwati uliwonse.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ngati angaulandire akamva izi. Mulungu akusungeni, akupepuzeni mtima umene ine ndaulemetsa.

A Sumani abwerera kuno mwezi ukubwerawu. Ngati simungathe kundilembera, ingowauzani mawu amodzi, eya kapena ayi. Kufikira tsiku limenelo, uthenga uja palibe aumve, ngakhale ine amene. Ndi wanu ndi Nuru.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Sulemani