Mabuku a Alamu Anu Ali M'njira

Chilomoni, Blantyre

Okondedwa achimwene a Howard,

Ndikhulupirira kuti ku Nsanje muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo.

Tsiku loti mawa lake alamu anu agonekedwa m'chipatala, magetsi anazima tikumaliza kudya. Ine ndili yakaliyakali kufunafuna kandulo, iwo anatsegula buku lawo la nyimbo, zala zikuyenda pa timadontho ta zilembo za anthu osaona. Anati, "Bambo a Angela, khalani pansi mungagwe. Lero osaona ndinu." Tinaseka mpaka aneba anafunsa.

Bukulo ndi mabuku awo ena akhala m'makatoni chimwalirireni iwo. Nditamva kuti mwana wanu Felista wayamba kuwerenga ndi zala kusukulu, ndinafuna kumutumizira, koma kulemera kwake kunkandiopsa. Lachiwiri ndinalimba mtima n'kukwera nawo minibasi mpaka ku positi ofesi. Mayi wapakauntala anatsegula katoni imodzi, n'kusisita tsamba, kenako anati, "Adadi, bwezani kachikwamako m'thumba. Zowerenga za anthu osaona sitilipiritsa." Ndinafunsa kawiri, iye akungoseka. Pobwerera ndinkaimba ndekha mumsewu.

Choncho yembekezerani makatoni atatu. Mumuuze Felista kuti m'buku la nyimbomo muli tsamba lina lomwe timadontho take tinafufutika. Sanawononge ndi apositi ayi, ndi chala cha amayi ake aang'ono. Mawu akamusowa, ndidzamuimbira ndikabwera.

Zovala ndinapereka kwa amayi a kutchalitchi. Ndodo yoyera yokha ikadali kuseri kwa chitseko. Imeneyo tidzakambirana.

Ndine mng'ono wanu,
Gabriel