Munandiimika kumapeto

Amayi, kodi kumeneko kukucha bwanji? Kuno nandolo wachita bwino, ndipo kwa mlongo wanga Yohane kwabadwa mwana wamkazi. Zabwino zathera pomwepa. Lero ndakwiya nanu.

Chiliza chanu tikuvundukula Loweruka. Tinagwirizana kuti chithunzi chija tinajambulitsa atatu, inu, ine ndi mng'ono wanga Esinati, chisindikizidwe pansalu ya kanivasi, tikachiimike pamanda. Esinati, amene pa matenda anu onse anabwera kawiri kokha, ndiye anadziyesa katswiri. Anayeza felemu kumaso kokha, osaganiza kuti nsalu imapindikira m'mbali mwa thabwa n'kukakhomedwa kuseri. Ataikoka nsaluyo, inu ndi iye munatsala mukumwetulira. Ine ndinapindidwira kumbali. Kumaso kunangotsala phewa langa ndi khutu limodzi. Nditamuonetsa, akuti palibe vuto, anthu akudzera Amayi.

Dzulo ndinapita ndekha kwa osindikiza aja pa Chitakale. Bambowo anandiuza kuti kanivasi imafupikanso pang'ono potuluka m'makina. Anasindikiza kachidutswa, tinakayeza ndi tepi, kanaperewera pafupifupi chala chimodzi. Anakulitsa muyezo, n'kuwonjezera nsalu yopindira mbali zonse zinayi, n'kusindikizanso chithunzicho. Tsopano ndikuoneka thupi lonse, ndi makutu awiri.

Koma nditachiyang'anitsitsa ndinaona chimene tepi singakonze. Pakati pa inu ndi ine pali mpata woti mbuzi n'kudutsa. Dzanja lanu lili paphewa pa Esinati. Tsiku lojambulitsa lija munati, "Iwe ndiwe wamkulu, ima kumapetoko." Munkakonda kunena kuti mwana woyamba ndi mzati, sadandaula. Ndinakusambitsani miyezi isanu ndi iwiri, Amayi, ndipo tsiku lomaliza munatsegula maso n'kundifunsa ngati Esinati wafika. Zimandiwawa mpaka lero.

Bambo aja anandifunsa ngati ndikufuna andisendeze pa kompyuta kuti ndigundane nanu. Ndinakana. Anthu adzaone mmene munandiimikira.

Ndimakukondanibe, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima. Ndikulonjeza izi: manda anu ndidzalambula ndine chaka ndi chaka, ndipo pojambulitsa ndi ana anga awiri, ndizidzaima pakati pawo, dzanja uku dzanja uku.

Ndine mwana wanu woyamba,
Felesiya