Ndime Yachitatu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Paja munkadandaula kuti fumbi la kuntchito kwanuko likukupwetekani pammero. Kuno Mulungu akutisunga. Ana ali bwino, bambo awonso ali bwino. Amayi okha ndiwo sali bwino, koma za iwo ndinena ndikatula kaye zanga.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Miyezi inayi tsopano. Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti kanema wa kwaya yathu ikuimba pamsonkhano wa chipani uja anakufikani.

Pochoka munandisiyira kwaya, kabuku kanu kong'ambika chikuto kaja, ndi nyimbo yanu ya Mtsogoleri. Zaka zisanu ndi chimodzi taiimba monga munatiphunzitsira. Lachinayi lililonse timakumanabe m'kalasi mwa ana muja, pa timabenchi tawo, mawondo kufika kuchibwano. Ndikamakweza dzanja ndimapezeka ndayang'ana pakona paja munkaima inu, mukugogoda botolo ndi kiyi kuti tipeze poyambira. Ine botolo silindimvera. Atelala, aja a besi, ankati ndimayambitsa nyimbo pamwamba ngati ndikuyanika zovala padenga.

Kiyibodi imene tikuimbira pano anatipatsa ndi bwana wina amene ankafuna uphungu. Tinavina, tinati Mulungu wayankha. Patapita masabata atatu anatuma mlembi wake kudzapempha kuti tikatsegule msonkhano wa chipani chawo pabwalo la mpira, ndi nyimbo yauzimu imodzi yokha. Anasankha okha ya Mtsogoleri. Atelala anati nyambo sikhala yopanda mbedza. Ine ndinawayankha kuti uthenga wabwino ulibe malo oletsedwa. Ndinatchula ndi vesi lomwe, achimwene.

Tisanakwere pansanja, mlembi uja anandinong'oneza kuti nthawi yatha, tiimbe ndime ziwiri basi. Inu mukudziwa zimene zili m'ndime ziwirizo. Mtsogoleri wathu ali panjira, pukutani misozi, amasiye adzakhuta, am'ndende adzatuluka. Dzina lake silitchulidwa mpaka ndime yachitatu, pamene timati ndi Yesu, wa zipsera m'manja. Munkatiuza kuti munalibisa dala dzinalo kuti anthu ayambe alimvera ludzu.

Tinayamba kuimba. Titangofika pa mawu akuti ali panjira, galimoto ya bwanayo inalowa pabwalo, mwini wake ataima pamwamba, akugwedeza manja. Bwalo lonse linaphulika. Zinali zokonzeratu.

Tsopano nachi chimene sindinauzepo munthu. Kwa abusa, kwa akulu a mpingo, ngakhale kwa amuna anga, ndinanena kuti anatizimitsira chokuzira mawu. Ndi bodza. Palibe anazimitsa kanthu. Azimayi a aluto anali atakoka kale mpweya kuti alowe ndime yachitatu. Ndine ndinafumbata dzanja, monga munandiphunzitsira potseka nyimbo, ndipo anthu makumi awiri anatseka pakamwa.

Sanandiopseze. Ndinaona khamu lija likuimba nafe, anthu ochuluka kuposa onse amene ndinawaonapo chibadwire, ndipo sindinafune kuti chisangalalo chija chizizire. Ndinamusiya Yesu kunja kwa nyimbo yake yomwe kuti andiombere m'manja.

Zotsatira zake simunazione. Nyimboyo anaijambula, inkalira pa magalimoto awo tsiku lonse, ndime ziwiri zomwezo. Ana m'misewu anaikamo dzina la bwanayo. Lamlungu lina ndinati ndiibwezere kwawo, ndinaiyambitsa m'tchalitchi. Ena anakweza manja kupanga chizindikiro cha chipani, ena ananyamula mabaibulo awo n'kutuluka. Anthu amene akhala pa benchi imodzi zaka makumi atatu, achimwene! Abusa anaimitsa mapemphero, n'kulamula kuti isadzaimbidwenso.

Atelala anachoka ndi besi yonse. Ndinawalondola ku shopu kwawo kukawapempha. Sanaimitse n'komwe makina. Anati adzabwerera tsiku limene kiyibodiyo idzalape n'kubatizidwa. Chisankho chinapita, bwanayo anapambana, ndipo sitinamuonenso.

Tsopano za amayi. Miyendo yatupa, sakudzukanso. Adokotala anati mtima watopa, tiziwasamalira kunyumba. Tinawasamutsira m'chipinda chanu chija chifukwa mumalowa dzuwa. Sadandaula zambiri, mukuwadziwa. Amangofunsa ngati kumeneko mumadya mokwanira.

Sabata yatha, ndikuwapaka mafuta kumsana, anandiuza kuti ndiwaimbire nyimbo ya mwana wawo. Ndinakhala pamphepete pa bedi, ndinayamba motsitsa. Ndisanamalize mzere woyamba anatembenukira kukhoma. Anati osati ya chipaniyo, iwo anena ya mwana wawo. Ndinawauza kuti ndi yomweyo, mawu ake sindinasinthe ngakhale amodzi. Anati ayi, iyo akuidziwa, ndi ija imayenda pa galimoto. Ndinati ndiyambire ndime yachitatu kuti amve dzina la Ambuye. Anandigwira mkono, anati nyimbo siyambira kumchira.

Afunsanso kawiri kuchokera tsiku limenelo. Ine ndimangoti mawa.

M'kamwa mwanga nyimboyi inafa, achimwene. Yatsala mwa inu mokha. Ndikudziwa kuti tchuthi sakupatsani msanga, ndipo ulendo ndi wautali, choncho sindikuti bwerani, ngakhale mtima ukufuna kutero. Ndikupempha foni.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi amene amafika kwanuko Lachisanu. Lamlungu, nthawi ya 2 koloko masana, amayi amakhala ali maso ndipo mutu umakhala uli bwino. Imbani pa nambala yanga. Ndidzangoyankha, n'kuika foni pa pilo, n'kutuluka. Mawu anga simudzawamva. Muwaimbire ndime zonse zitatu, ngakhale pammero pali fumbi. Mukalephera Lamlungu limenelo, ndidzaikanso lotsatira, koma sindikudziwa kuti atsala ndi angati.

Abusa ndikawauza zoona zake mawa, ndipo chimene akagamule ndikachilandira. Zondikhululukira inu zikhoza kudikira. Amayi sangadikire.

Chimodzi chokha ndiulule, kuti ndisakunamizeninso. Potuluka chitseko sindidzatseka chonse. Ndidzakhala pansi pakhonde. Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanakumveni mukuimba.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindiwaiwala m'mapemphero. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene sindinamunyamulepo. Ambuye akusungeni polowa ndi potuluka, akupatseni mpweya wokwanira.

Ine mlongo wanu,
uja munkamutcha Kalipenga