Sinamoni wa Amayi

Whitby, 24 Novembala

Achimwene a Clive,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canadako. Kuno kukuzizira basi.

Lamulungu tinakonza pudini ya Khirisimasi, aliyense kutakasako kamodzi monga mwa mwambo wathu. Ndinagula sinamoni wokometsera pudiniyo, wamitundu iwiri: wopyapyala wonunkhira bwino uja, ndi wakhungwa lolimba amene Amayi ankamutcha "nkhuni". Mukukumbukira mmene ankatikalipira tikabwera naye ameneyo?

Ndinawapatsa Amayi kuti anunkhize, asankhe okha. Anasankha nkhunizo, achimwene. Kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zikomo mayi. Ndinu anesi atsopano?"

Ndinathira yemwe anasankhayo, n'kuiphika pa nthunzi maola asanu ndi atatu. Ikhoza kusungika mpaka chaka chamawa. Pudiniyo ndiye ikhoza kudikira.

Tikiti ya ndege yobwerera kuno ija musazengereze nayo.

Ndine mlongo wanu,
Maureen